Lipoti la Makoma a San Francisco ku Lima: Luso Lochokera kwa Asilamu a ku Spain ndi Kasamalidwe Kake

Lipotili likunena za zokongoletsa za pa makoma a tchalitchi cha San Francisco ndi nyumba ya chipani cha Afransisko yomwe yagundizana nacho, mumzinda wa Lima, likulu la dziko la Peru. Ndalilemba monga munthu amene ntchito yake ndi kuyendera nyumba zakale, kupeza chimene chikuzidya ndi kulangiza za kakonzedwe kake. Alendo ambiri amene amafika pamalowa amauzidwa kuti zimene akuona pa makoma ndi luso la Asilamu a ku Spain, amene Asipanishi ankawatcha moros, ndipo mawuwa amanenedwa ngati kuti chilichonse chokhala ndi mizere yolukana chinatuluka m'manja amodzi. Ntchito yanga inali kusiyanitsa chimene chinachokeradi kwa Asilamuwo ndi chimene chinabwera kudzera njira zina, chifukwa mmisiri amene walakwitsa dzina la chinthu sachedwa kulakwitsanso kakonzedwe kake.

Mbiri ya nyumbayi

Mzinda wa Lima unakhazikitsidwa ndi Francisco Pizarro mu 1535, ndipo Afransisko anapatsidwa malo pafupi ndi mtsinje wa Rímac m'zaka zoyambirira zomwezo. Tchalitchi chimene chinalipo poyamba chinagwa mu 1656. Chomwe chilipo lero chinajambulidwa ndi Constantino de Vasconcellos, mmisiri wa ku Portugal, ndipo iye atamwalira mu 1668 ntchito inapitirira m'manja mwa Manuel de Escobar mpaka tchalitchi chinapatulidwa mu 1673. Khonde lalikulu lozungulira munda wa maluwa, kumene kuli matailosi otchuka okuta makoma, ndi lakale kuposa tchalitchichi. Zivomezi zikuluzikulu za 1687, 1746, 1940 ndi 1974 zinagwedeza nyumba yonseyi, ndipo chilichonse chinasiya chizindikiro chake pa makoma. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1988, ndipo mu 1991 linakulitsa malire kuti aphatikize pakati ponse pa mzinda wakale.

Kumene lusoli linachokera

Asilamu analowa m'dera la Spain mu 711 ndipo ufumu wawo womaliza, wa Granada, unagwa mu 1492. Koma mizinda ina inagwa kale kwambiri. Seville analandidwa ndi mfumu Fernando III mu 1248, ndipo amisiri achisilamu amene anatsala mumzindamo anapitiriza kumangira mafumu ndi mabishopu achikhristu monga ankamangira mabwana awo akale. Anthu otsalawa ankatchedwa mudéjar, mawu ochokera ku Chiarabu otanthauza munthu wololedwa kukhala, ndipo mu 1859 katswiri wa mbiri José Amador de los Ríos anagwiritsa ntchito dzinali potchula luso lenilenilo. Nyumba yachifumu imene Pedro I anamanga ku Seville m'zaka za m'ma 1360 ndiyo chitsanzo chooneka bwino: m'munsi mwa khoma muli matailosi, pamwamba pake pulasitala wogoba, ndipo pamwamba penipeni denga la matabwa olukana ngati nyenyezi. Ndondomeko ya zigawo zitatuyi ndiyo ndinapita kukaifuna ku Lima, ndipo ndinaipeza.

Pali mfundo imodzi imene iyenera kunenedwa mosabisa. Malamulo a ufumu wa Spain ankaletsa Asilamu ndi ana awo amene anabatizidwa kuwolokera ku America, ndipo pakati pa 1609 ndi 1614 anthu amenewa anathamangitsidwa m'dziko la Spain lenilenilo. Matailosi a pa khonde la San Francisco ali ndi chaka cha 1620. Choncho chimene chinawoloka nyanja si manja a Msilamu koma kagwiridwe ka ntchito kamene amisiri achikhristu a ku Seville anali atakalandira kalekale n'kumakaona ngati kawo. Akalipentala a mumzindawo ankayesedwa pa luso loluka matabwa asanaloledwe kutsegula malo awo a ntchito, ndipo mu 1633 mmodzi wa iwo, Diego López de Arenas, anasindikiza buku lofotokoza malamulo ake onse. Popeza Seville ndiye anali chipata cha malonda onse a ku America kuyambira 1503, zimene zinali zachizolowezi kumeneko zinakhalanso zachizolowezi ku Lima.

Matailosi a pa khonde

Apa ndi pamene ndinakhalitsa kwambiri. Matailosi akuta makoma anayi a khonde kuchokera pansi mpaka kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo akutanso mizati imene ikuyang'ana kumunda. Tailosi iliyonse ndi ya mbali zinayi zofanana, pafupifupi masentimita 13 mbali iliyonse, ndipo mitundu yake ndi ya buluu, yachikasu, yobiriwira ndi yoyera. Anapangidwa ku Triana, dera la oumba la mumzinda wa Seville, ndipo akatswiri amawagwirizanitsa ndi malo a ntchito a Hernando de Valladares, amenenso anatumiza matailosi a 1604 ndi 1606 omwe ali kunyumba ya chipani cha Adominiko ya Santo Domingo, mtunda woyenda pansi kuchokera ku San Francisco. Ulendo wawo unali wautali: pa chombo mpaka padoko la Portobelo ku Panama, kudutsa kamtunda ka Panama pamsana pa nyulu, kenako pa chombo china mpaka padoko la Callao, pafupi ndi Lima. Munthu akaganizira kuti zimenezi ndi dothi lowotcha, sadabwa kuona kuti patapita zaka zochepa oumba a ku Lima komweko, monga Juan del Corral, anayamba kupanga awo, ndipo m'nyumbayi muli matailosi a ku Seville ndi a ku Lima omwe.

Dzina la matailosiwa m'Chisipanishi ndi azulejo, ndipo limachokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kamwala kosalala. Anthu ambiri amaganiza kuti limachokera ku mawu oti azul, amene amatanthauza buluu, koma kufanana kumeneku kunangochitika. Chikutiro choyera chonga galasi chimene chili pamwamba pa dothi, chopangidwa ndi mtovu ndi tini, nachonso chinafika ku Spain kudzera mwa oumba achisilamu. Chizolowezi chokuta m'munsi mwa khoma ndi matailosi, lamba wa m'mphepete wotsekera chithunzi, ndi nzeru yoti kachithunzi kamodzi kabwerezedwe mpaka khoma lonse lioneke ngati nsalu, zonsezi ndi za mzere womwewo.

Koma ndikayandikira n'kuwalitsa tochi chammbali, nkhope ya tailosi inali yosalala, yopanda timizere totukuka. Umenewu ndi umboni wofunika. Amisiri achisilamu a ku Granada ankadula tizidutswa ta mitundu yosiyanasiyana n'kutilumikiza ngati zigamba, njira yotchedwa alicatado. Pambuyo pake oumba a ku Seville anayamba kugwiritsa ntchito njira zachidule, yolekanitsa mitundu ndi mzere wa mafuta ndi yodinda timizere totukuka pa dothi laliwisi. Matailosi a San Francisco sanapangidwe mwa njira iliyonse mwa zimenezi. Anajambulidwa ndi burashi pa nkhope yosalala, monga mmene munthu amajambulira papepala, ndipo njira imeneyi inafika ku Seville kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi Mtaliyana wina dzina lake Niculoso Pisano. Zojambulidwazo nazonso n'za ku Italy ndi za Mpingo: masamba opotana, mbalame, timitu ta angelo, ndiponso pa mizati pali zithunzi za oyera mtima ndi ofera chikhulupiriro a chipani cha Afransisko. Pa tailosi imodzi ndinatha kuona pamene burashi inayambira ndi utoto wambiri wa buluu n'kumapepuka polowera kunsonga ya tsamba, ndipo pa yoyandikana nayo tsamba lomwelo linali lonenepa pang'ono chifukwa linajambulidwa ndi dzanja lina. Mwachidule, chimango cha khomali n'cha Asilamu a ku Spain, koma chimene chili m'kati mwa chimangocho n'cha ku Italy.

Malo ena matailosi sakugwirizana. Tsinde la duwa limathera pa mzere wolumikizira popanda kupitirira, kapena tailosi ya lamba wa m'mphepete imapezeka pakati pa chithunzi. Zimenezi ndi zotsatira za zaka 400 za kugwa ndi kubwezeretsedwa, pamene okonza ankatola chimene chatsala n'kutseka nacho pamene pagumuka. Ndikambanso za matailosi amenewa pofika pa malangizo, chifukwa ndi pamene ine ndi anzanga ena a ntchito timasiyana maganizo.

Pulasitala wa m'tchalitchi ndi matabwa a pamwamba

M'kati mwa tchalitchi, mizati, makoma ndi denga lokhota zakutidwa ndi pulasitala wotukuka wa mizere yoyera yoyenda pa malo ofiira, yopanga timabokosi, mitanda ndi malamba olukana. Mabuku ambiri a alendo amangoti zimenezi ndi mudéjar. Ine ndikuona kuti mawuwa ndi oona theka lokha. Mtima wosafuna kusiya khoma lopanda kanthu, ndi kudalira mizere m'malo mwa zithunzi za anthu, n'zogwirizana ndi za ku Seville. Koma kulukana kwenikweni kwa Asilamu, kumene kumatchedwa lacería, kuli ndi lamulo lake: lamba amachokera pa nyenyezi ya nsonga 8, 10 kapena 12, amadutsa pamwamba pa mnzake kenako pansi pa wotsatira, osaphonya, ndipo ungathe kumulondola ndi chala mpaka atabwerera pamene anayambira. Ndinayesa kulondola malamba a m'tchalitchi ndi maso, ndipo ambiri amangotseka bokosi lawo n'kuthera pomwepo. Kapangidwe kotere kamafanana kwambiri ndi zojambula za madenga zimene zili m'mabuku a Sebastiano Serlio, mmisiri wa ku Italy amene mabuku ake ankagwiritsidwa ntchito ndi omanga a ku Spain ndi ku America.

Kulukana kwenikweni kuli pamwamba pa masitepe aakulu a nyumba ya Afransisko, pa denga la matabwa lozungulira ngati mphika wovundikira. Linapangidwa mu 1625 ndi mbale wa chipanichi, Miguel de Huerta, pogwiritsa ntchito matabwa ochokera ku Central America. Linagwa pa chivomezi cha 1940 ndipo linamangidwanso mu 1969 motsogozedwa ndi Alberto Barreto Arce. Ngakhale kuti lipotili ndi la makoma, dengali ndi lofunika pano chifukwa ndilo muyezo: munthu amene waimirira pansi pake n'kuona mmene nyenyezi iliyonse ikuberekera malamba opita ku nyenyezi ina sangasokonezenso lacería ndi timabokosi ta pulasitala.

Chimene chikudya makomawa

Aliyense akamva za Lima amaganiza za zivomezi, ndipo n'zoona kuti ndizo zimagwetsa zinthu pa tsiku limodzi. Omanga a mumzindawu anaphunzira kuchita nazo, ndipo madenga okhota a San Francisco si a miyala koma a quincha, chimango cha matabwa cholukidwa ndi bango n'kumatidwa dothi ndi pulasitala. Wowerenga amene anaonapo nyumba ya mitengo yomata ndi dothi waidziwa kale nzeru yake: ndi yopepuka ndipo imagwedezeka osathyoka. Mdani wake ndi chiswe ndi kuwola kwa zomangira, chifukwa pulasitala wokongola uja akukhala pa bango, ndipo bango likafumbwa pulasitala amalendewera popanda chomugwira ngakhale kuti kunja akuoneka wabwinobwino.

Koma chimene chimadya matailosi tsiku ndi tsiku ndi mchere. Ku Lima mvula yeniyeni siigwa, koma kwa miyezi ingapo mzinda umakutidwa ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kotchedwa garúa, kofanana ndi chiperoni, ndipo chinyezi cha mumpweya chimapitirira 80 peresenti nthawi zambiri. Makoma ndi a njerwa ndi zidina zomangidwa ndi laimu kapena dothi, ndipo amayamwa madzi a m'nthaka monga chingwe cha nyali chimayamwira palafini. Madziwo amabwera ndi mchere wosungunuka. Pa khoma wamba madzi amauma pankhope ndipo mchere umatsala kunja ngati ufa woyera womwe munthu angathe kuusesa. Pa khoma la matailosi chikutiro chonga galasi chija sichilola madzi kudutsa, choncho amafuna potulukira pa mizere yolumikizira, pa ming'alu ndi pa timabowo ta chikutirocho. Mchere ukauma kunsi kwa chikutiro umakula ndi kukankha, ndipo chikutirocho chimatukuka n'kugwa ngati mamba a nsomba, kusiya dothi lamaliseche. N'chifukwa chake mizere ya m'munsi ndi m'mphepete mwa matailosi ndimo mumayambira kuwonongeka, ndipo n'zimene ndinaona pa khondeli.

Pa mfundo imeneyi ndili ndi mlandu wanga. Ndili wamng'ono pa ntchito, pa tchalitchi china chimene sindichitchula, ndinavomera kuti matailosi ochepa amene anali atagwa abwezeretsedwe ndi matope osakaniza simenti pang'ono, chifukwa tinkafuna kuti ntchito ithe chikondwerero cha parishi chisanafike. Matailosiwo anagwira mwamphamvu ndipo aliyense anasangalala. Nditabwerera patapita nyengo ziwiri zamvula, amene tinamatawo anali pomwepo, koma oyandikana nawo, omwe anali abwinobwino kale, anali atayera ndi mchere ndipo awiri anali atataya chikutiro m'makona. Simenti inatseka njira ya madzi n'kuwakankhira kumbali, inabweretsanso mchere wake, ndipo pofuna kuchotsa matailosi tinamatawo imodzi inasweka pakati chifukwa matope anali olimba kuposa dothi lake. Kuchokera pamenepo sindilola simenti kuyandikira tailosi yakale.

Malangizo

Choyamba ndi madzi, osati matailosi. Kukonza nkhope ya khoma madzi akadali kukwera ndi kutaya ndalama. Mapaipi, ngalande ndi akasupe a m'munda ayenera kuyenderedwa nthawi ndi nthawi, kuthirira maluwa kuchepe ndipo kutalikirane ndi mizati, ndipo chinyezi cha khoma chiziyezedwa pa malo omwewo kwa chaka chathunthu munthu asanaganize zochotsa tailosi ngakhale imodzi.

Chachiwiri ndi kalembera. Tailosi iliyonse ijambulidwe ndi kupatsidwa nambala pa mapu a khoma, ndipo mmisiri wololedwa aigogode pang'ono ndi chala. Yomwe yagwira imalira mouma, yomwe yalekana ndi khoma imalira ngati chigubu chopanda kanthu. Pamene chikutiro chatukuka, chimamatidwa kaye ndi guluu wotheka kusungunulanso, monga Paraloid B-72, kenako mchere umachotsedwa poika phala la mapepala lonyowetsedwa ndi madzi opanda mchere, kulisiya liume, kulichotsa ndi kubwereza mpaka muyezo wa mchere utasiya kutsika. Imeneyi ndi ntchito ya masabata, ndipo woifulumizitsa amangosunthira mchere m'kati. Matailosi olekana ndi khoma amathiridwa phala la laimu kumbuyo kudzera pa mizere yolumikizira, ndipo amachotsedwa pokhapokha ngati palibe njira ina, atamatidwa kaye nsalu yopyapyala kumaso kuti asabalalike. Matope obwezeretsera akhale a laimu ndi mchenga wotsukidwa, ofooka kuposa tailosi, kuti chivomezi chikabwera chithyole matope m'malo mothyola tailosi. Pulasitala wa m'tchalitchi ayenderedwe kuchokera kumbuyo, pamwamba pa denga, kumene bango ndi zomangira zimaoneka, ndipo asapakidwe penti wa pulasitiki, amene amatsekera chinyezi m'kati monga mmene simenti imachitira.

Chachitatu ndi pamene kusiyanitsa kwa koyambirira kuja kumagwira ntchito. Pa denga la lacería, chidutswa chosowa chingathe kupezedwa ndi kampasi ndi rula, popeza lamulo la nyenyezi limanena lokha kumene lamba aliyense akupita, ndipo n'chifukwa chake kumanganso kwa 1969 kunali kotheka popanda kupeka. Pa matailosi a masamba obwerezabwereza, tailosi yatsopano ingathe kuikidwa pamene pali dzenje, bola ikhale ndi chaka chake kumbuyo ndipo mtundu wake upepuke pang'ono kuti woyandikira aizindikire, monga mmene chikalata cha ku Venice cha 1964, chonena za kasamalidwe ka nyumba zakale, chimalangizira. Koma pa chithunzi cha woyera mtima amene nkhope yake inagwa palibe lamulo la masamu lotiuza mmene wojambula wa ku Triana anaikokera, ndipo pamenepo ndimalangiza tailosi ya mtundu umodzi wosakuwa, yopanda chojambula. Mmisiri amene wauzidwa kuti khoma lonse ndi la Asilamu ndipo zonse zimabwerezeka amadzipatsa ufulu wojambula chimene sanachione, ndipo wina amafika powonjezera nyenyezi pamene sipanakhalepo nyenyezi kuti khoma ligwirizane ndi dzina limene lapatsidwa.

Za matailosi osagwirizana aja, anzanga ena amati achotsedwe ndi kubwezeredwa m'malo awo oyamba kuti chithunzi chiwerengeke. Ine ndimakana, kupatula pamene tailosi yalekana kale ndi khoma ndipo malo ake enieni akudziwika popanda kukayika. Kuchotsa tailosi yomwe yagwira bwino kumaika pangozi makona ake ndi a zinzake zinayi zoyandikana nayo, ndipo kusagwirizanako ndi umboni wa pamene khoma linagumuka ndi mmene linakonzedwera. Nyumbayi inaonetsa kale kuti makoma ake amasunga zimene palibe ankaziyembekezera: mu 1974, zithunzi zansalu za moyo wa Fransisko Woyera zitatsitsidwa pamwamba pa matailosi kuti zikonzedwe, kumbuyo kwake kunapezeka zithunzi zina zakale zojambulidwa pa khoma lenilenilo. Pa chifukwa chimenechi ndikulangiza kuti pasakhale kupala kapena kugumula pulasitala aliyense wa pa khondeli asanatsegulidwe kawindo kakang'ono koyesera, ka masentimita ochepa, ndi mpeni wa dokotala, gawo ndi gawo mpaka kufika pa njerwa, ndipo gawo lililonse lijambulidwe ndi kulembedwa pa mapu omwewo a matailosi.